Orkh ya Mayi Yanjmaa

Mayi Yanjmaa amaumba buuz, timikate tokulunga nyama tophika ndi nthunzi, m'kanyumba kodyeramo ka pamapeto pa msewu wa basi, pomwe tala amathera ndipo phiri limayambira. Zala zawo zimatsina ufa wokanda mwachangu, moti madalaivala amati ukangophethira upeza mbale yadzaza. Pantchito salankhula zambiri. Mawu awo amasungira kunyumba, komwe kuli mlamu wawo.

Anabwera ku Ulaanbaatar chaka chimene chisanu chinatha ziweto kwawo kumadzulo. Nkhosa zinafa chiimire. Amuna awo anayesa kuzolowera mzinda, koma posapita nthawi nawonso anatsatira nkhosa zawo. Mlongo wawo wamng'ono, Gombo, anali atamanga kale mpanda wamatabwa paphiri, ndipo anati, "Achemwali, malo alipo." Anaimika ger yawo, nyumba yozungulira yokutidwa ndi nsalu zaubweya, pakona pa mpandawo, khomo litayang'ana kummwera monga mwa masiku onse. M'mawa uliwonse ankatuluka, kumasula chingwe, n'kukoka orkh, chinsalu chaubweya chovundikira nkhata ya pamwamba pa denga, kuti kuwala kulowe. Mayi akakoka orkh yake, odutsa amadziwa kuti pakhomopo pali moyo. N'chifukwa chake banja nalonso timalitcha orkh. Liwu ndi limodzi lomwelo, ndipo palibe amene amavutika nalo.

Pamene ankafika, mpanda wa Gombo ndiwo unali womaliza. Kumtunda kwake kunali udzu ndi agalu. Lero mipanda inakwera mpaka pamsonga, n'kutsikira kuseri, n'kuyamba phiri lina. Mzinda wathu umakula ngati mwana amene nsapato zimamuthina mwezi ndi mwezi, ndipo akhonsolo amathamanga pambuyo pake ndi nsapato za chaka chatha. Nyengo yachisanu khomo lililonse limasonkha malasha, utsi n'kukhala pansi osafuna kuchoka. Utsi umenewu ndiwo unagwetsa Mayi Yanjmaa chaka chatha. Atatuluka m'chipatala, Gombo anawauza kuti asagonenso okha. Anapasula ger, n'kuilonga m'shedi, iwo n'kulowa m'kachipinda kakumbuyo m'nyumba yake ya njerwa. Mkazi wa Gombo, Densmaa, anawalandira ndi nkhope ya munthu amene wanyamulitsidwa katundu wa mlendo m'basi.

Nkhani ya khonsolo anaimvera pamzere wotunga madzi, chisanu chikutha. Msonkhano unachitika iwo ali kuntchito. Pamzerepo anthu ankati mipanda yonse ya mbali ino ya phiri ichoka, pamangidwa nyumba zosanja zokhala ndi mapaipi otenthetsa ndi zimbudzi zam'kati. Mwini malo adzapatsidwa nyumba posinthana ndi malo ake. Wokhala mumpanda wa mnzake, ngati ali orkh payekha, adzalowa m'nyumba za lendi za khonsolo. Koma choyamba akhonsolo ayenda mpanda ndi mpanda kuwerenga ma-orkh. Bambo wina wa chigubu chabuluu anawonjezera kuti masiku ano amawerengera kumwamba, ndi kandege kojambula. Anazimva kwa mpongozi wake.

Mayi Yanjmaa anakankha ngolo ya madzi kukwera phiri mutu uli waa. Orkh yawo inali m'shedi. Kandegeko kakadutsa kadzaona denga limodzi la malata, basi. Adzawaphatikiza m'banja la Gombo, ndipo Gombo adzapatsidwa zipinda ziwiri: iye, Densmaa, ana awo aakazi awiri, ndi iwo pampando wa kukhitchini mpaka tsiku la imfa yawo. Mumpanda munthu ukakwiya umatuluka kukawaza nkhuni. M'nyumba yosanja ukatuluka umapeza khoma.

Lamulungu m'mawa anapeza Gombo akumwa tiyi.

"Iwe Gombo, chotsa chigalimoto chako pamalo panga."

Galimoto ya Gombo inafa pakati pa chisanu, ndipo anaikokera pomwe panali ger paja.

"Ikudikira kachitsulo kamodzi kokha, achemwali."

"Inenso ndikudikira kachitsulo kamodzi kokha. Kiyi wa nyumba yanga. Dzuka."

Atafotokoza za kandege, Gombo anakanda m'mutu. Anati sakukhulupirira, komanso sakukana. Anati anthu adzati chiyani akaona mchemwali wake wodwala chifuwa atabwezedwa panja.

Densmaa anali ataima pakhomo ndi chitsulo chokolezera moto.

"Ngati akuwerenga ger, ndiye alamu akapanda ger yawo adzakhala kuti?"

"Ndi ife, nanga kuti," anatero Gombo.

Densmaa anaika chitsulo pansi, n'kupita kukavala majombo.

Palibe anakankha galimotoyo ngati Densmaa. Anaika phewa kumbuyo, mutu pansi, ngati ng'ombe yapangolo. Gombo anangogwira chiwongolero.

"Mlamu, mudzathyoka msana chifukwa cha ine," anatero Mayi Yanjmaa.

"Msana umapola, alamu."

"Sindinkadziwa kuti mumandikonda chonchi."

"Nanenso ndangodziwa lero."

Anatulutsa makoma opindika a ger ija m'shedi, n'kuwatambasula, kuwamanga pamodzi. Mphepo ya nyengo imeneyi imabwera ndi mchenga ndi mapepala a anthu onse a paphiri. Gombo anaima pakati atanyamula nkhata ya denga pa nsanamira zake ziwiri, akutukwana mphepo, amayi awiriwo akuzungulira kulowetsa mapaso. Kunja kumene ena tinakhalako, nkhani yoti munthu amakhala kuti imatha ndi kudina pafoni. Kuno imatha ndi zingwe, mchenga m'mano, ndi banja lonse kunyozana. Dzuwa likupendeka anali atakuta makoma ndi denga, n'kukulunga malamba. Panatsala chinthu chimodzi.

"Orkh ili kuti?"

Anasanthula shedi yonse. Anapeza matayala, chishalo cha malemu, ndi mabotolo amene Gombo anati si ake. Orkh munalibe. Mayi Yanjmaa anakhala pa tayala. Ger yopanda orkh, ukaiyang'ana kuchokera kumwamba, ndi chiboo chabe. Kandege kadzawerenga chiyani pamenepo?

Gombo anayamba kuyang'ana kumbali. Mlongo wako umamudziwa. Mayi Yanjmaa anamuona akuyang'ana mpanda, kenako nsapato zake, kenako galimoto.

"Gombo."

"Kunazizira kwambiri mwezi uja, achemwali. Injini imafuna chofunda."

Anatsegula boneti. Orkh ya Mayi Yanjmaa, imene amayi awo anawasokera pa ukwati, inali itakumbatira injini. Pakati pake panali chibanga chakuda cha oyilo, chachikulu ngati chiwaya.

"Banja langa lonse unafunditsa chitsulo chakufa."

"Nthawi imeneyo chinali chisanafe."

"Mwina ndi chimene chinachipha," anatero Densmaa. "Sichinazolowere kulemekezedwa."

Anaikweza choncho ndi banga lake, chifukwa kuchapa ubweya wotero n'kudikira chilimwe. Mayi Yanjmaa anabwezeretsa mbaula yawo, bedi, ndi bokosi lazithunzi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse asanapite kukaumba buuz ankakoka chingwe, n'kuima pang'ono atayang'ana kumwamba, kuti kandege kakabwera kawapeze ali pakhomo pawo. Sikanabwere. M'ger munkanunkha ngati m'galaja, ndipo chifuwa chinayambiranso.

M'malo mwa kandege kunabwera mtsikana wa kukhonsolo, dzina lake Enkhjin, nsapato zili mbuu ndi fumbi la phiri lonse. Linali Loweruka masana. Mayi Yanjmaa anamulowetsa m'ger, namukhazika kumbali ya alendo, namupatsa tiyi wamkaka wothira mchere. Gombo anavala shati yoyera n'kukhala kumtunda ngati mwini mpanda. Densmaa anakhala pafupi ndi khomo.

Mayi Yanjmaa anatsokomola, nayang'ana kudenga mwadala. Mtsikanayo sanayang'aneko. Anafunsa mayina, zaka, ndi nthawi imene anabwera mumzinda, akulemba pafoni yake yaikulu.

"Orkh yanga mwaiona pobwera?" anafunsa Mayi Yanjmaa. "Ili ndi banga, koma ndi yangayanga."

Enkhjin anakweza maso, kenako anamwetulira ngati munthu amene si koyamba kumva zimenezi.

"Amayi, sitiwerenga nsalu ayi. Kumtunda uku bambo wina anaimika ger zitatu, mu imodzi muli mbuzi. Ife timafunsa za mphika. Anthu odya mphika umodzi ndi orkh imodzi, ngakhale agone madenga asanu. Ndiye ndifunse: inu ndi a m'nyumba ya njerwayi, mumaphika pamodzi?"

Mayi Yanjmaa asanatsegule pakamwa, Gombo anali atawongola kale msana. Mwamuna wa kwathu angalole kumangidwa kusiyana n'kuvomera pamaso pa mlendo kuti mchemwali wake wamasiye amadziphikira yekha mumpanda mwake.

"Funso lanji limenelo, mwanawe? Awa ndi achemwali anga, anandibereka kumsana. Chimene ndadya ine, nawonso adya. Mphika ndi umodzi."

Chala cha Enkhjin chinayamba kuyenda pafoni.

Mayi Yanjmaa anayang'ana mlongo wawo. Kumutsutsa Gombo pamaso pa mwana wa eni, atavala shati yake yoyera, kunali kumuvula. Iye ndiye anawapatsa malo pamene analibe pogwira. Anaona mpando wa kukhitchini uja ukuwayandikira.

"Mphika wake uti?" anatero Densmaa.

"Iwe, khala chete."

"Ayi, ndingofuna ndiudziwe, mwina uli ndi mphika wina kumene umapita Lachisanu. Mwananga, lemba izi. Alamu angawa chibwerereni mumpanda muno sanalawepo chakudya changa kupatula pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo ngakhale pamenepo amayamba atsegula buuz wanga n'kusuzumiramo ngati dokotala."

"Mumathira anyezi wambiri kuti mubise kuchepa kwa nyama," anatero Mayi Yanjmaa. Mawuwo anatuluka okha.

"Wamva? Chisanu chonsechi anali m'nyumba mwanga, koma anabisa kambaula kamagetsi pansi pa bedi. Nyama yawo amaimangirira m'thumba lawolawo m'shedi, ndi mfundo imene ine sindingamasule."

"Chifukwa munamasulapo."

"Kamodzi."

"Kamodzi kamene ndinakugwirani."

"Tiyi wanga amati ndi madzi otsukira mbale."

"Sindinatero. Ndinati madzi otsukira mbale amakhalako ndi mafuta pang'ono."

Gombo anali atayang'ana pansi, makutu ali psuu. Enkhjin anagwira pakamwa ndi mbale ya tiyi, mapewa akugwedera. Atapuma anafufuta zimene analemba zija.

"Bambo, pepani, koma apa pali ma-orkh awiri. Ndipo ndayenda phiri lonseli, sindinaone awiri osiyana bwino chonchi."

"Ndimawapatsa malasha," anatero Gombo motsitsa.

"Amandipatsadi," anatero Mayi Yanjmaa. "Zimenezo lembaninso. Chaka ndi chaka, osapempha."

Enkhjin analemba, ngakhale sindikhulupirira kuti panali malo olembapo zimenezo. Anafotokoza kuti nyumbazo sizitha msanga, kuti padzakhala misonkhano ina, ndi kuti Mayi Yanjmaa alowa m'gulu la odikira nyumba za lendi, chipinda chimodzi ndi khitchini. Anawauzanso kuti chifuwa chimenecho sichikufuna ger. Akhoza kubwerera m'kachipinda kaja, sizisintha kanthu.

Mayi Yanjmaa anamva mapewa awo akutsika. Sanadziwe kuti anali atawakweza kuyambira tsiku la pamzere wa madzi lija. Chipinda chimodzi ndi khitchini. Anathirira mtsikanayo tiyi wina mpaka anatayikira pamphasa.

Enkhjin atanyamuka, amayi awiriwo anamuperekeza mpaka pageti. Densmaa ndiye anafunsa, akupukuta manja pa epuloni, ngati kuti nkhaniyo siikumukhudza.

"Nyumba za lendizo zidzakhala m'mdadada womwewo ndi zathu?"

"Ayi, amayi. Zanu zidzakhala pompano. Za lendi ndi kutsidya kwa msewu waukulu, pafupi ndi pothera basi."

"Kutali ndithu," anatero Densmaa.

"Kutali," anavomera Mayi Yanjmaa.

Anaima choncho pageti, phewa ndi phewa, akuyang'ana mtsikanayo akugogoda pa mpanda wotsatira, galu wa kumeneko akuuwa.

"Koma pansi mukhoza kuyenda," anatero Mayi Yanjmaa. "Mukadzabwera, musadzatenge chakudya."