Maso Amene Sindinawayang'ane

Agogo anga ndinkawadziwira ku phokoso la silipasi yawo ya kumanzere. Bondo la mwendo umenewo linkawavuta, ndiye sankaunyamula bwino. Phazi lamanja linkati phwa, lamanzere n'kukwekwereza dothi, khwee. Ndikamva phwa, khwee kuseri kwa chigafa cha fodya, ndinkasiya chimene ndikuchita n'kuweramitsa mutu. Phokoso limenelo ndimalimvabe ndikafuna. Chimene chimandikanika ndi kuona maso awo.

Ndinakulira ku Hewe, m'nyumba ya anthu awiri. Mayi ndi bambo anamwalira motsatizana ndisanayambe kuzindikira zinthu, ndipo amene ananditenga ndi agogo obereka mayi. Kwa anzanga, agogo anali munthu wosereulana naye. Agogo awo ankawatcha amuna anga, ankawalanda chimanga chootcha, ankawaseka akagwa. Anga anakana zimenezo. Ndinawamva akuuza mng'ono wawo kuti mwana wopanda amake akakhala ndi agogo oseka naye, adzamulanga ndani? Anasankha kukhala kholo. Ndipo kwathu kholo suliyang'ana m'maso. Likamayankhula umagwada, maso pansi, n'kumavomera kuti yewo. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinadzutsa mutu akundidzudzula, ndipo anandifunsa m'Chitumbuka ngati pali chimene ndataya pankhope pawo. Sindinabwerezenso.

Motero ndimawadziwa kuyambira m'khosi kutsika. Zala zodetsedwa ndi utomoni wa fodya, chikhadabo chong'ambika cha chala chachikulu, ming'alu ya kuzidendene, mfundo ya chitenje imene nthawi zonse inkakhala kumanzere. Kujambula ndinakuyambiranso pansi pomwepo, ndi kamtengo pa dothi, poti ndi pamene maso anga ankakhala.

Nditakula ndinapita pa boma pa Rumphi. Ndinayamba kulemba zikwangwani za magolosale ndi mabutchala, kenako kujambula mbidzi ndi nchefu pa nsalu, zimene dalaivala wina ankanditengera ku Chelinda, kumalo osungirako nyama zakutchire, kuti alendo azigula. Ndimagwiritsa ntchito penti wosungunula ndi madzi, uja amati akiriliki. Diso la mbidzi silivuta. Dontho lakuda, kadontho koyera pamwamba, basi nyama yadzuka.

Agogo anamwalira ndili pa boma. Pa maliro, itakwana nthawi yoona nkhope, ndinaima pa bokosi n'kuwayang'ana kumaso popanda wondiletsa. Kanali koyamba. Maso anali otseka.

Chithunzi chawo chilipo chimodzi chokha, cha amayi a mpingo ataima kutsogolo kwa tchalitchi. Mutu wa agogo pamenepo ndi waung'ono ngati njere ya chimanga, ndipo pansi pa duku pali timithunzi tiwiri m'malo mwa maso. Ndinakhomabe nsalu pa felemu n'kuyamba kuwajambula. Duku linabwera mosavuta. Makutu, chibwano, milomo yofinya ija, zonse zinabwera, mwina poti ndinkaziba ndi m'mbali mwa diso akatembenuka. Pa maso panatsala zigamba ziwiri za penti wa khofi. Ndinkaopa kuti ndikachedwa ndidzaiwala ngakhale zochepa zimene ndinali nazo, n'kutsala ndi mapazi okha.

Pa boma panali bambo wina wa ku Dedza, wogwira ntchito m'maofesi a boma, amene Loweruka ankajambula ndi penti wa mafuta pakhonde pake. Ndinamutengera maso amene ndinayesera pa katoni. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndajambula mazira owiritsa. Anandiuza kuti choyera cha m'diso si choyera ayi, kuti chikope chapamwamba chimagwetsa mthunzi pa diso monga denga pa khoma, kuti diso ndi mpira osati mbale. Kenako ananena kuti vuto langa si dzanja.

"Nthawi yonseyi ukuyankhula ndi nsapato zanga, achimwene. Kadontho kakuda ka pakati paja kwathu timati mwana wa diso. Ukudziwa chifukwa chake?"

Ndinati sindikudziwa. Anati ndikafufuze ndekha. Mvula isanagwe anamusamutsira kummwera, ndipo sindinamuonenso.

Ndinapitiriza ndekha. Ndinkakopera maso a anthu a pa makalendala ndi a m'foni, limodzilimodzi, pa zidutswa za makatoni, n'kumaziyanika pakhonde. Sindinaganize mmene zinkaonekera kwa odutsa: mzere wa maso opanda mitu, akuyang'ana njira ya ku mjigo. Ana amene ankabwera kudzaonerera mbidzi anasiya kubwera. Mayi eni nyumba anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti masiku ano ndikupemphera mpingo uti. Ndinawafotokozera, iwo anati aa chabwino, koma kuyambira pamenepo moni ankandipatsira patali. Makatoni ndinawalowetsa m'nyumba. Madzulo ndinkadya ndekha, maso onsewo akundiyang'ana, ndipo panalibe ngakhale limodzi londidziwa.

M'nyengo yotentha agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo uja, anabwera kuchokera ku Hewe kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi ku chipatala, ndipo anafikira kwa ine. Iwowa ndi osiyana khalidwe ndi akulu awo. Atangolowa anayamba kudandaula kuti ine amuna awo ndawasiya iwo kumudzi ndi njala, ndikudya mabanzi pa boma, ndipo anafuna kudziwa ngati ndawapezera mkazi mnzawo. Ataona makatoni anati bola amenewa sadya ndiwo. Kenako anatembenuza nsalu imene inali itayang'ana kukhoma, n'kuona nkhope ya akulu awo yopanda maso.

Anthu ankati iwowa ndi akulu awo ankafanana nkhope. Ndinazungulira ndi mawu nthawi yaitali ndisanapemphe. Ndinagwada, n'kunena kuti ndikudziwa kuti ndi mwano, koma ngati angalole, ndiwayang'ane m'maso kuti ndimalize akulu awo. Anati kuyambira pamene anamwalira amuna awo enieni palibe anawapemphapo zimenezo, ndiye ayambe apaka mafuta kumaso.

M'mawa ndinawakhazika pa mpando pafupi ndi khomo, pamene kuwala kumalowera cham'mbali. Ndinafinyira penti pa mbale yakale, ndinanyowetsa mabulashi, ndinasuntha mpando wanga, ndinausunthanso. Khosi linkakana kudzutsa mutu. Penti anayamba kuuma pa mbale ndi kutentha kuja, ndinamuwaza madzi, n'kuyambanso kusakaniza mtundu umene ndinali nditausakaniza kale.

"Kodi amuna anga, mwandiitanira kudzajambula zala zakumapazi?"

Ndinadzutsa mutu.

Choyera chija chinali ngati ufa wa mgaiwa, chachikasu pang'ono, chotuwa kumakona, ndi timitsempha tofiira topyapyala kuposa ulusi. Chimene moyo wanga wonse ndinkachiyesa chakuda chinali cha mtundu wa tiyi wopanda mkaka, chokhala ndi timizere tochokera pakati ngati kunsi kwa bowa, ndipo m'mphepete mwake munazungulira mkombero wotuwa wa ukalamba. Pamwamba pa chikope cham'munsi panali kamzere konyowa, kowala. Nsidze sizinali zoongoka ngati mmene ndinkazilembera, zina zinkapingasana, zina kulibe. Ndipo pakati penipeni, mu kadontho kakuda, munali khomo lowala, ndi kamunthu kakang'ono katakhala patsogolo pake, kabulashi m'manja. Ndinasuntha dzanja, nako kanasuntha. Mwana wa diso uja anali ine. Ndinaganiza kuti m'maso mwa agogo ndinakhalamo zaka zonse zija, ndili chogwada, koma sindinadzionemo.

Agogo aang'ono anali atasiya nthabwala. Misozi inayamba kutsika, ndipo anati ndi chifukwa chosaphethira. Ndinawauza kuti akhoza kuphethira mmene angafunire. Inapitirirabe kutsika.

Penti ameneyu sadikira munthu. Ndinayamba ndi mthunzi wa m'chigoba cha diso, kenako choyera chosayera chija, ndikudetsa kumakona kuti mpira uzungulire. Mtundu wa tiyi ndinaupaka mopyapyala kangapo, wina pamwamba pa unzake, poti akauma amaderako ndipo umayenera kumuyembekezera kuti uone chimene wachita. Timizere ndinatikoka ndi bulashi imene ndinaidula n'kutsala ndi tsitsi lochepa. Iwo atapita ku chipatala ndinatsala ndikulimbana ndi mthunzi wa chikope. Kadontho kowala ndinakaika pomaliza, ndi nsonga ya kamtengo ka machesi. Nditabwerera m'mbuyo, nsalu inandiyang'ana. Mosaganiza, ndinagwetsa maso pansi.

Atabwerako ku chipatala anaima patsogolo pa chithunzicho, thumba la mankhwala lili m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati ndajambula bwino chomene, munthu angathe kupereka moni.

"Koma uyu ndine. Ndine nditabwereka duku la akulu anga."

Ndinawafunsa kuti nanga a akulu awo anali otani. Anayesa kufotokoza. Anati anali aakulupo, kenako anati ayi, mwina olowa m'kati. Anati iwo anatengera maso a bambo awo, pamene akulu awo anatengera kuchikazi. Pomaliza anaseka pang'ono n'kunena kuti nawonso anali mng'ono, sankawayang'anitsitsa, ankawaopa ngati ine ndemwe. Ndinatenga bulashi yaikulu, ndinaiviika mu penti wa khofi, n'kufuta maso onse awiri. Anandiyang'ana ndikuchita zimenezo ndipo sanandiletse. Madzulo tinadya n'kukagona.

Kutacha anati akufuna kukagula sopo ndi mchere pa msika lole ya ku Hewe isanadzaze, ndipo anakana kuti ndiwaperekeze. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa. Ndinakhala pakhonde ndikutsuka mabulashi amene anali otsuka kale. Mayi eni nyumba anadutsa ndi ndowa, anandipatsa moni wa patali uja.

Dzuwa litakwera ndinawaona akubwerera, katundu ali pamutu. Sanalowe m'nyumba. Anaima pansi pa khonde, anandigwira chibwano ndi dzanja lawo lokhakhala, n'kunditembenuzira kowala monga ndinawachitira iwo dzulo lake. Anandiyang'ana diso ili, kenako linalo. Palibe munthu anali atandiuzapo kuti ndimafanana ndi ndani. Amene akanandiuza anapita msanga, ndipo agogo sankayankhula zotero. Nkhope yanga ndinkaionera m'galasi la ometa, kuyang'ana ngati tsitsi alilinganiza, basi.

Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Kanali kagalasi kozungulira, ka pulasitiki wobiriwira m'mbali, kaja amagulitsa pamodzi ndi zipeso.

"Dzulo ndinakhala ndikuwaona akulu anga m'mawa wonse, akundiyang'ana ndi bulashi m'manja. Musamavutitse nkhalamba, amuna anga. Yang'anani umu."

Anandiika kagalasiko m'manja, anakonza katundu wawo pamutu, n'kutsika njira ya ku depoti mofulumira, kuti lole ingawasiye.