Chitini cha Mayi Gulchehra

Siteshoni yathu ili kumapeto kwa njanji, pomwe mzinda wa Tashkent umathera n'kuyamba minda ya thonje. Pamene pali masitepe lero panali nyumba ya mayi Gulchehra, aneba anga kwa zaka makumi atatu, munthu wamfupi wosapsatira mawu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dilmurod, ponyamuka kukagwira ntchito ku Korea anachita monga timachitira tonse: analuma buledi wozungulira kamodzi, mayi ake n'kupachika wotsalayo pakhoma. Bulediyo amadikira mwini wake kuti adzamalize, ndipo ndiye amakokera munthu kwawo.

Chaka chotsatira kunabwera njanji. Nyumba za mzere wathu zinagwetsedwa, tonse n'kusamukira m'nyumba zosanja kuseri kwa msika. Ife tinakondwa ndi madzi otentha a pampopi, koma mayi Gulchehra mtima sunakhale pansi.

"Buledi uyu analumidwira pano," anandiuza. "Ndikapita naye kumwamba uko, mwana wanga akokeredwa kuti?"

"Iii, amayi, si mumalankhulana pafoni Lamulungu lililonse?"

"Foni imabweretsa mawu. Ine ndikufuna munthu."

Pabwalo pawo panatsala mtengo umodzi wa mabulosi, umene omanga anausiya pakhomo la siteshoni. Mayiwa anaika buledi m'chitini cha mabisiketi kuopa nkhunda ndi mvula, n'kuchimangirira panthambi. Kenako anakapempha ntchito yosesa pasiteshonipo kuti azichilondera.

Mkulu wa siteshoni, bambo Tolib, anali munthu wa malamulo mpaka kutopetsa. Tsiku lake loyamba anachiona chitinicho.

"Amayi, katundu wopanda mwini saloledwa pano."

"Wopanda mwini? Tatsegulani muone mano ake!"

Anatsegula, n'kuona buledi wolumidwa. Nawonso mayi awo anawapachikira buledi akupita ku usilikali. "Chabwino," anatero, "koma muzichipukuta fumbi."

Zaka zisanu ndi chimodzi chitini chinalendewera pamenepo. Siteshoniyi ili ndi dzina lake lalitali lolembedwa ndi zilembo zowala, koma kuno palibe amalitchula. Tonse timati tikumane pa Chitini.

M'mawa wina, nyengo yokolola thonje, sitima itangofika, pamasitepe panatsika bambo wonenepa wa masutukesi awiri, akumwazamwaza maso kufuna nyumba imene kulibe. Tsache la mayi Gulchehra linagwa pansi. Anamukumbatira mpaka chipewa chake kugwa, ndipo ine, sindibisa, ndinalira pamaso pa anthu onse a sitima ija. Koma mayiwa misozi isanaume anali atakwera kale pabenchi kumasula chitini.

"Maliza," anatero.

"Amayi, uyutu wasanduka njerwa!"

"Ndasesa masitepe awa mpaka msana kupindika. Luma, iwe."

Ndinathamanga kukatenga tiyi woti anyike, koma ndinachedwa. Ndili chapatali ndinamva kuti khwa! Dzino lakutsogolo linatsalira m'buledi. Bambo Tolib anaseka mpaka kugwira mtengo, Dilmurod nayenso akuseka dzanja lili pakamwa. Wotsalayo anamaliza monyika, osasiya kanyenyeswa.

Ndinafunsa ngati tiphike buledi wina, poti anyamata a masiku ano sakhazikika. Mayi Gulchehra anatola tsache lawo, n'kuyang'ana mpata wa m'kamwa mwa mwana wawo mokhutira.

"Musavutike," anatero. "Alumanso ndi chiyani?"