Malo Amene Ndinawapezera Achimwene

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo alipo ambiri odziwa za magemu a pakompyuta kundiposa. Ine ndinasewerapo imodzi yokha ndili mwana, nayonso ndinaisewera molakwika. Ngati pena ndaphonya dzina la chinthu, mungondikonza mumtima.

Ndikukumbukira tchuthi cha mu Ogasiti nditamaliza Sitandade 5, pamene achimwene a Limbani anabwera kuchokera ku Joni. Anachoka ndili ndi zaka zisanu, moti ndinkawadziwa pa chithunzi chokha chimene amayi anachipanikiza pakona pa galasi. Anafika masana pa kabaza, kuli mphepo yozizira ija youlutsa makoko a nandolo pabwalo. Ankanunkhira sopo wachilendo. Ndinawagwira dzanja nditagwada, iwo n'kuseka, ati, "Dzuka mfana, ine si abusa." Kuyambira pamenepo ndinkangowatsata ngati mwana wa mbuzi.

Chimene anabwerera chinali chimodzi: malo omangapo nyumba. Anali atatopa ndi ku Joni, ndipo ananena pamaso pa tonse kuti akapatsidwa malo sabwererakonso. Vuto linali lakuti kwathu, kuseri kwa Namitambo, malo amayenda mwa akazi. Mwana wamwamuna akakula amakamanga kwa mkazi wake, ndipo achimwene anali asanakwatire. Komanso malowo analipo? Kwathu ukaponya mwala umagwera m'munda mwa wina. Mbuzi zimakhalira pachingwe, malire ndi mzere umodzi wa chinangwa, ndipo anthu apachibale amatha chaka osalankhulana chifukwa khasu linadumpha mzerewo. Kanatsala kamalo kamodzi kuseri kwa khitchini ya amayi, pamene tinkadzala mbatata, ndipo achemwali a Esinala, omwe ukwati wawo unali pafupi, ankakayang'ananso. Woweruza anali amalume, eni mbumba, ndipo nthawi zonse akafunsidwa ankangoti, "Tiona."

Podikira "tiona" ameneyo, achimwene ankatulutsa laputopu yakale m'chikwama. Batire yake inali yotha, inkakhala theka la ola basi. Magetsi kunyumba kunalibe, choncho ine ndinkaikulunga m'chitenje cha amayi, kuiika m'chikwama cha sukulu, n'kuyenda nayo ola lathunthu kukaitchajitsa kwa ometa tsitsi ku Namitambo. Ndinkayenda nditaumitsa msana ngati ndasenza mazira.

Tsiku loyamba kuona gemu ija ndinaima kumbuyo kwawo, ndikusuzumira paphewa. Panali munthu wa chikwama kumsana ataima pamwamba pa phiri, ndipo kutsogolo kwake kunali dziko. Udzu, mitengo, mtsinje wonyezimira patali, mapiri ena kuseri kwa mapiri. Nyumba osaoneka, munda osaoneka, ngakhale utsi.

"Kumeneku n'kuti, achimwene?" Linali funso langa loyamba kwa iwo chifikireni.

"Ku Joni kumeneku, mfana," anayankha osacheuka.

Ndinakhulupirira. Mafilimu amene tinkaonera pa vidiyo ku Namitambo ankajambulidwa kumalo enieni, ndiye ndinangoti nalonso ili ndi dziko lenileni limene wina analijambula.

Anadina batani lina, mapu n'kutuluka, aakulu moti sanakwane pa sikirini. Anandionetsa monyadira kuti kuchoka kumapeto kuno kufika uko ndi ulendo woti munthu utuluke thukuta. Kenaka nkhope inasintha. "Koma pakati ponsepa palibe kanthu. Kungoyenda. Ine zimanditopetsa." Analoza kadontho kachikasu kumtunda kwenikweni kwa mapu. "Undifikitsire munthuyu apa. Ukafika undiuze." Anandionetsa mabatani anayi oyendera, n'kunyamuka kupita kwa amalume.

Palibe ntchito imene ndinailandirapo ndi mtima wonse ngati imeneyo. M'munsi mwa phiri lija munali kanyumba kamodzi, ndipo panja pake panamangidwa hatchi yofiirira, chishalo chili kale pamsana. Ndinaimika munthu wanga pakhomo n'kunena ndi pakamwa panga kuti "Odi." Mkati munali mayi wina amene ankangobwereza mawu amodzimodzi a Chingerezi omwe sindinawamve. Pa sikirini panatuluka kachizindikiro pafupi ndi hatchi, koma ine ndinaleredwa kuti chiweto chomangidwa pakhomo pa munthu sumasula. Ndinaidutsa patali, ndipo ndinauyamba wapansi.

Milungu itatu imene inatsatira sindinakhale pansi bwinobwino. Theka la ola linkatha munthu wanga atangodutsa chigwa chimodzi, sikirini n'kuda. Ndikatsegula mapu nditakaitchajitsanso ndinkapeza kuti ndasuntha ngati utali wa chikhadabo. Amayi akandituma kusola nandolo, ndinkangosola mothamanga, maganizo ali ku laputopu. Ndinkadzuka m'mawa n'kuyamba kuwerenga masiku otsala kuti ndipitenso kotchajitsa. Kwa ometa tsitsi ndinkaima pakhomo, kulowa, kutuluka, kufunsa ngati yadzaza, mpaka bamboyo anandiuza kuti ndikafunsanso andimeta mpala waulere. Ndipo madzulo aliwonse ndinkamvetsera mapazi a achimwene pobwera kwa amalume. Akalowa akuimba mluzu ndinkapuma. Akalowa chete, nsapato n'kuziponya pakona, ndinkadziwa kuti amalume anenanso "tiona".

Chinandichedwetsa kwambiri si kuyenda pansi kokha. Ndinkaima. Ndinafika padambo lina la dothi lakuda, madzi akuyenda pang'onopang'ono pakati, popanda ngakhale dimba limodzi. Kwathu dambo lotero likanakhala ndi eni makumi awiri, aliyense ndi kabichi wake. Ndinaona mitengo youma itagwa yokha, nkhuni zoti amayi angaphikire mpaka Khirisimasi, wotola palibe. Udzu wofolera unafika m'mapewa mwa munthu wanga. Ndinayang'ana manda, ndinayang'ana mzere wa chinangwa, chilichonse chosonyeza kuti pali mwini, koma sindinapeze.

Apa m'pamene nzeru inandibwerera. Ngati amalume akana, achimwene asapite okha. Tipite tonse, amayi, ine ndi mbuzi zathu zitatu, tikamange kumeneko. Ndinatenga kope la masamu, kumasamba akumbuyo, n'kuyamba kujambula. Pamtunda pang'ono, poti madzi asalowe nthawi ya dzinja, ndinaika nyumba ya achimwene. Pambali pake ya amayi. Dimba kudambo, khola kumbali kumene mphepo imapita. Ndinkabwerera m'mbuyo kukaonanso ngati pamalopo palibe miyala yambiri, batire n'kumatha, kadontho kachikasu kali kutali komwe kuja. Achimwene akafunsa kuti, "Wafika?" ndinkayankha kuti ndatsala pang'ono, maso ali pansi.

Amalume anabwera Loweruka masana pamodzi ndi amayi aakulu ndi amayi aang'ono. Anazungulira kamalo ka mbatata kaja, manja kumbuyo, akuponda mizere yathu. Ine ndinali pakhonde la khitchini ndikunamizira kukonza chingwe cha mbuzi.

"Limbani," anatero amalume, "ine sindikukukana. Koma apa ndi pa Esinala. Ukamanga iwe, mawa ana ako adzalimbana ndi ana a mlongo wako, ine ndili m'manda. Peza mkazi, ukamange kwawo ngati mmene tinachitira tonse."

"Mkazi wake ndimupeza kuti, amalume? Kumene ndili uko timagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Ukatembenuka umapepesa."

"Ndiye utembenuke bwino, mwina mmodzi ali ndi mlongo wake," anatero amayi aang'ono, ndipo ena anaseka. Achimwene sanaseke. Amayi anayang'ana kumbali, akupotokola nsonga ya chitenje.

Mawu a chipinda chimodzi aja anandisokoneza. Anthu asanu ndi mmodzi kupanikizana chotero, dziko lonse lija lili mbee? Ndinaganiza kuti mwina sanafikeko kudambo langa, poti ulendo unkawatopetsa.

Alendo atapita ndinawapeza achimwene atakhala pa mtondo wovundikira kuseri kwa nyumba, akuthyolathyola kamtengo. Ndinabwera ndi laputopu ndi kope.

"Achimwene, musadandaule. Malo ndakupezerani."

Anandiyang'ana ngati ayamba kundiona kumene. Anatsegula laputopu kaye, n'kuona mapu.

"Milungu itatu uli pano? Hatchi ija ili kuti?"

"Inali ya eni ake."

"Eni ake ati?"

"Mayi a m'kanyumba kaja. Ndinaodira koma sitinamvane."

Anaseka mpaka kutsokomola, mtondo n'kupendekeka. Amayi anasuzumira pazenera la khitchini n'kubwereranso. Ine ndinawapatsabe kope lija. Anayang'ana tsamba loyamba akupukuta misozi ya kuseka. Pofika lachiwiri, pamene ndinalemba kuti "nyumba ya achimwene" n'kujambula khonde, kuseka kunatha. Anakhala nthawi ndithu chala chili pa tsambalo.

"Khala apa, Dalitso." Aka kanali koyamba kunditchula dzina. "Ndinakunamiza. Kumeneku si ku Joni. Si kulikonse. Anthu anangokhala m'maofesi n'kujambula."

Sindinavomere msanga. Ndinawauza za dothi lakuda ndi nkhuni. Iwo anayendetsa munthu uja kufika padambo langa, n'kundipatsa laputopu. "Lima," anatero. Ndinayang'ana mabatani. Linalipo lothamangira, lodumphira, lomenyera. La khasu panalibe. Kenaka anandionetsa mtengo wina wopindika, wa nthambi yothyoka kumanzere. Tinayenda pang'ono, uwo mtengo womwewo. Kutsogolo, womwewonso, nthambi yake yomweyo. Milungu itatu ndinkadutsa mtengo umodzi, ine n'kumati nkhalango.

"Nanga malowa anakuliranji chonchi, ngati salimamo?"

"Kuti anthu agule. Akamva kuti mapu ndi aakulu amathamangira. Kumene kuli ogula magemuwa, anthu amafuna malo oti azingodutsamo, aziona patali popanda khoma la mnzawo." Analoza laputopu. "Inenso n'chimene ndinkaitsegulira m'chipinda chija. Koma ukayendamo masiku awiri umatopa, poti palibe amene akukudikira."

Batire inali itatsala pang'ono. Anapeza hatchi ina ikudya yokha m'tchire, n'kuikwera osafunsa munthu, ndipo mtunda umene ukananditengera sabata tinaumaliza ndisanameze n'komwe malovu kawiri. Pa kadontho kachikasu panali nsanja yakugwa ndi bokosi limodzi. M'bokosimo munali nsapato.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi." Anatseka laputopu. "Koma dambo lija unasankha bwino. Khola unaliika pabwino."

Achimwene ananyamuka kubwerera ku Joni Lolemba m'mawa. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pamsewu. Atakwera kabaza anandigwira pamutu, n'kundiuza kuti ndizilimbikira masamu, masamba akutsogolo. Laputopu inapita nawo. Masiku otsala a tchuthi ndinkangozungulira mudzi, kuchoka kumalire a kuno kufika a uko, ndipo ulendo wake sunkatha ngakhale mphindi khumi.

Masiku ano magemu otere ali m'mafoni, ndipo magetsi a dzuwa ali pa madenga ambiri kwathu. Mwana wa achemwali a Esinala amakangana ndi anzake za gemu imene ili ndi mapu aakulu kuposa inzake, koma ndikamuyang'ana sayendamo n'komwe. Amangodina pamene akufuna, sikirini n'kuphethira, wafika. Ndinamufunsapo ngati amadziwa zimene zili pakati, iye ati, "Amalume, pakati palibe kanthu." Sindinamutsutse. Amanena zoona, ndipo amazinena atakhala pakhonde la nyumba imene inamangidwa pa mbatata zathu zija, pamene tsopano pali nyumba ziwiri ndi bafa.

Achimwene anakhalanso ku Joni zaka zisanu ndi zinayi. Mkazi anamupeza komweko, wa ku Mauwa, mlongo wake wa mmodzi wa anzawo a m'chipinda, ndipo amayi aang'ono mpaka lero amati ndiwo anaumanga ukwatiwo. Apongozi awo anawalozera malo pakati pa nkhokwe ndi mtengo wa mapeyala. Ndi pang'ono kwambiri, moti zenera la kuchipinda likatsegulidwa lonse limagunda nkhokwe. Ine ndinapita kukathandiza kukhoma malata, ndikupereka misomali ndili pamakwerero. Titakhoma lomaliza, achimwene anatsika, analowa m'nyumba yopanda chitseko, n'kugona chagada pa dothi pakati pa chipinda, manja ndi miyendo atatambasula. Alamu anawaitana kuti adzadye, iwo ati abwera, koma sanadzuke msanga.

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala, chaka chathachi.