Woveka Zidole za Pawindo

Zaka khumi ndi zisanu mayiyu ankaveka zidole za pawindo m'sitolo ya zovala, mpaka anzake anangomutcha Nazidole. Kenako ogula anatha ngati nthabwala, masitolo onse a m'chinyumba chachikulu momwe munali sitoloyo n'kutsekedwa. Koma kwa amuna ake sanatsegule pakamwa. Bamboyo anali atangotuluka m'chipatala ndi vuto la mtima, ndipo adokotala anachita kunenetsa kuti asamve zodzidzimutsa.

Ndiye m'mawa uliwonse ankasita yunifolomu n'kunyamuka. Mlonda, munthu wachisoni, ankamutsegulira kakhomo kakumbuyo. Ankaswera mumdima umo, kupukuta fumbi zidole zimene eni sitolo anazisiya, mpaka nthawi yoweruka.

Lachitatu lina anamva mapazi. Bambo wina ankaimika kamera pa miyendo yake itatu, kulozetsa pawindo lomwelo. Nazidole anasowa pothawira. Anachita zomwe ankazidziwa: anaima pakati pa zidole ziwiri, dzanja m'chiuno, chibwano m'mwamba, osaphethira. Thukuta linatsetsereka kumsana, mwendo unachita dzanzi, iye ali chiimire.

Wojambulayo anasuzumira pakamera, kenako anadzutsa mutu.

"Mayi, pumani tsopano," anatero.

"Simunandijambule, eti?"

"Muno muli mdima, ndiye kamera ndimaisiya chitsegulire nthawi yaitali. Choyenda sichigwidwa. Alonda adutsa kawiri, taonani, mulibe. Inunso mukanangoyenda, bwenzi mulibe."

Anamuonetsa chithunzicho. Analimo ndithu, nkhope yonse poyera, dzina la sitolo pachifuwa, kumbuyo kwake mashelefu ali mbee.

"Chonde bambo, fufutani. Amuna anga akudwala mtima, amadziwa kuti ndili pantchito."

Wojambulayo anachiyang'anitsitsa chithunzicho, kuumira kukuonekera pankhope. "Mwezi wathunthu ndakhala ndikusaka chotere," anadandaula. Komabe anadina batani, chinapita.

Nazidole anapumira m'mwamba.

"Koma ndisakunamizeni mayi," anatero wojambulayo akupinda miyendo ya kamera. "Zinazi zituluka m'nyuzipepala Loweruka, masamba awiri. Chikwangwani cha sitolo yanu chilimo, ndi loko wake pachitseko. Bambowo amawerenga nyuzi?"

"Tsamba ndi tsamba," anayankha motsitsa. "Ndimawagulira ndine."

Anatola chikwama chake. Aka kanali koyamba kuweruka dzuwa lili paliwombo, ndipo anachita mantha kwambiri. Panjira analowa mufamase kukatenga mapiritsi a amuna ake, kuti akamayamba kuwauza zoona, mankhwalawo akhale ali pafupi.