Nambala 7 Inagwera Kumchira

Kompyuta itafika ku ofesi ya esiteti yathu ya tiyi, ine ndinali kalaliki, ndipo ndinkadzimva kwabasi. Makinawo ankandandalika manambala a antchito ngati mawu a m'dikishonale: 1, 10, 100, 101, mpaka 109, kenako 11. Nambala 2 inkadikira kuti onse oyamba ndi 1 athe kaye.

Anzanga zinkawazunguza mutu, koma ine ndinatulukira kanjira kake. Ika ziro kumapeto kwa nambala. Ikapitirira 600, pomwe manambala athu ankathera, chotsa ziroyo, uwonjezere imodzi. Koma ziroyo ikakanika pa nambala yothera pa 9, kapena pa 600 penipenipo, dula yakumapetoyo pamodzi ndi 9 aliyense wotsalira kumapeto, uwonjezere imodzi pa zotsalazo. Basi. Magetsi akazima ndinkalemba mndandanda wonse pamanja osafufuta paliponse, anzanga n'kumanditcha Akompyuta.

Mvula itatha, masamba atachepa m'minda, abwana anati atsale anthu mazana anayi oyambirira pa mndandanda, enawo akadikire dzinja kwawo. Iwo ankadziwa kuti oyambirira ndi akalekale, poti manambala tinkapereka potsata tsiku lolowa ntchito. Tsikulo magetsi kunalibe. Ndinalemba mwa kanjira kanga kaja, uku ndikuimba mluzu, n'kudula mzere wofiira pa munthu wa mazana anayi.

Nambala 7 anali bambo ena achikulire a ku Chimaliro, amene anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe. Anagwera kumchira kwenikweni. Ndisaname, ndinaziona ndisanatulutse pepalalo. Koma ine, Akompyuta, kulembanso 1, 2, 3 ngati mwana wa sitandade wani? Ndinakalikhoma pachitseko.

M'mawa mwake anabwera, chipewa chili m'manja.

"Akalaliki, pepani, tandiwerengerani. Maso angawa atha. Seveni ili pati?"

Ndinawalozera kunsi kwa mzere uja. "Atero ndi makina, bambo."

"Ngati ndi makina, ndiye basi," anatero. "Amene aja sakondera."

Nyumba ya kumalayini a antchito anaisiya sabata yomweyo, ndipo dzinja litafika sanabwerere.

Zimandiwawa mpaka lero. Ndikanangotsegula pakamwa, abwana akanati ndilembenso, ntchito ya ola limodzi. Koma ndinanamizira makina amene anali ozima tsiku lonse. Zolemba za pa pepala lija zinali za dzanja langa, ndipo bambo aja potuluka anandithokoza kuti ndawawerengera.