Thukuta Lochotsera Mavu

Kwathu kuno ku Chezi mavu sasowa. Amamanga zisa pansi pa denga la khonde, m'nkhokwe, m'chimbudzi, ngakhale m'khola la mbuzi. Alipo ang'onoang'ono aja amene akakuluma umangodandaula pang'ono n'kupitiriza ntchito. Ndiye alipo akuluakulu ofiirira, a miyendo yolendewera, amene timati mavu ankhomola. Amenewo akakupeza pachikope, Lamulungu limenelo kutchalitchi supita.

Anthu ambiri amawatentha. Umamanga udzu wouma kunsonga kwa mtengo wautali, kuyatsa, n'kufikitsa pachisapo m'mamawa kusanafunde. Inenso ndi mmene ndidakulira kwathu ku Ntchisi, ndipo nditakwatiwa n'kutengedwa kubwera kuno, ndidabwera nayo nzeru yomweyo. Chaka choyamba cha ukwati wathu ndidapeza chisa chachikulu m'chigafa, mmene timayanikamo fodya. Denga lake lidali laudzu, fodya atadzaza, wina atayamba kale kufiira. Ine osaganiza kawiri, ndidamanga muuni wanga n'kuuyatsa. Amuna anga adatulukira kuchokera kumunda ine ndikuyandikira chigafacho ndi muuniwo.

"Mayi, mwatopa nawo kale ukwati?" adandifunsa. "Mukufuna chaka chino tikagulitse phulusa?"

Adandilanda muuniwo n'kuupondaponda. Kenaka adachita chinthu chimene ndidali ndisanachionepo. Adapisa dzanja lamanja m'khwapa lamanzere, kulitikita bwinobwino, n'kuyamba kulikweza pang'onopang'ono kulunjika pachisa. Mavu adayamba kunjenjemeretsa mapiko. Ena adauluka n'kumazungulira, ena adangosendera kumbali. Iwo adagwira kakhosi kamene chisa chimalendewerapo, kukathyola ndi chikhadabo, n'kuyenda nacho osathamanga mpaka kukachiponya kuseri kwa chulu. Adabwerako akupukuta manja pabuluku, opanda chotupa ngakhale chimodzi.

Ndidawafunsa ngati adatemera mphini. Adakhumudwa kwambiri, poti adali mwana wa mkulu wa mpingo.

"Ndi thukuta basi," adatero. "Mavu akalimva amafatsa. Koma likhale thukuta la ntchito. La munthu waulesi saliopa."

Mpaka lero sindidziwa ngati chimagwira ntchito ndi thukutalo kapena kudekha kwa dzanja. Mwina fungo lake limawasokonezadi. Ine amene ndinkachapa malaya awo ndikhoza kuikira umboni kuti linkasokoneza ndi anthu omwe. Ndidayeserapo kamodzi ndi thukuta langa, pachisa cha m'nkhokwe, ndipo mlomo wanga udatupa mpaka apongozi anga aakazi adawaitanira pambali amuna anga kuwafunsa ngati tidamenyana. Kuyambira pamenepo nkhani idatha: pakhomo pathu mavu ndi ntchito ya abambo. Anansi nawonso adazolowera kuwaitana. Ankapita monyada, malaya atapinda, ndipo ankabwerako ndi mbatata kapena nzimbe, ndi nkhani yoti atifotokozere mpaka titatopa nayo.

Tidakhala choncho zaka zambiri. Ana adakula n'kuchoka, fodya tidasiya n'kuyamba soya, chigafa chidasanduka mosungira nkhuni. Ndiye chaka china, titangomaliza kukolola, abambo adagwa pafupi ndi nkhokwe akunyamula dengu la chimanga. Kuchipatala adati ndi matenda ofa ziwalo aja amati sitiroko. Mulungu adatichitira chifundo, adatuluka amoyo, ndipo pakamwa padamasuka pasanapite nthawi yaitali. Koma dzanja lamanja lidakana kukwera, ndipo mwendo wa mbali yomweyo unkachita kukoka.

Potuluka, anamwino adatiuza mosabisa kuti mwendowo ukhoza kulimba ngati aziyenda tsiku lililonse, koma akangokhala pansi uuma. Ndidawasemetsera ndodo yabwino ya mbawa. Adaiyang'ana kamodzi n'kuiyedzamiritsa kukhoma.

"Sindifuna kuti anthu aziima pamsewu kuonerera mmene ndikukokera mwendo," adatero.

Nyengo yonse yozizira adaithera pampando wa pakhonde, bulangete m'miyendo. Kutchalitchi, kumene ankayambitsa nyimbo, adaleka. Anzawo akabwera kudzawazonda ankangoyankha moni n'kuyang'ana kumbali mpaka alendowo atatsanzika. Ndidayesa kuwanyengerera, ndidayesa kukalipa, ndidayesa kuwawerengera mavesi. Pa mavesipo adandigonjetsa, chifukwa amawadziwa kuposa ine. Ndinkachita mantha, ndinene zoona. Sindinkaopanso matendawo ayi. Ndinkaopa kuti munthu amene ndidakhala naye moyo wanga wonse atheratu pampandopo ndikumuona, n'kutsala thupi lokha loti ndizilisambitsa.

Kumapeto kwa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi, mavu ankhomola adayamba kumanga chisa pamtanda wa denga la khonde, pamwamba penipeni pa mpando wawo. Ndikhulupirira kuti adachiona tsiku loyamba lomwe, poti munthu wongokhala amaona zonse, koma sadanene kanthu. Inenso sindidanene. Chisacho chidakula mpaka kufanana ndi chikhatho, mavu ali yakaliyakali.

Loweruka lina kudabwera mwana wathu wamkazi, amene amaphunzitsa ku Mponela. Atangoona chisacho adabwerera kumsewu, n'kubwerako ndi chitini cha mankhwala opopera tizilombo.

"Ababa, tasenderani uko ndipopere," adatero akuchikhutchumula.

"Pakhomo panga pano mavu sanapoperedwepo," adayankha bambo ake. "Ndichotsa ndekha."

"Ndi dzanja liti, ababa?"

Sadanene mwachipongwe. Ndi mwana wolankhula zinthu mmene zilili, adatengera ine. Koma mawuwo adagwera pachilonda. Bambo ake adayang'ana dzanja lawo lili gone pabulangete. Ndidamulanda mwanayo chitinicho n'kukachiika pamwamba pa kabati, ndipo ndidamuuza kuti akandithandize kusankha nyemba. Kukhitchini adalira, nati sankafuna kuwapweteka. Ndidamuuza kuti ndikudziwa, koma asachikhudzenso chitinicho.

M'mawa mwake, mwanayo atakwera minibasi, ndidawapititsira abambo tiyi pakhonde n'kukhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo.

"Bambo, ndaganiza," ndidatero. "Dzanja ndili nalo ine. Thukuta muli nalo ndinu. Bwanji mundibwereke?"

Adandiyang'ana ngati ndapenga. Koma ndidaona kuti nkhaniyo yalowa, chifukwa patapita kanthawi adalowetsa dzanja lamanzere m'malaya n'kufufuza m'khwapa. Adalitulutsa n'kuliyang'ana. Lidali louma ngati chitsononkho.

"Dzuwa likakwera lituluka," adatero.

"La padzuwa si la ntchito. La munthu waulesi mavu saliopa."

"Ndiye mukuti ndine waulesi?"

"Sindinanene ine. Adanena ndi bambo wina m'chigafa, kalekale, atandilanda muuni."

Tsiku limenelo sadandilankhulenso. Chakudya chamasana adadya atandipatsa msana, chamadzulo chimodzimodzi. Ndidadandaula mumtima kuti mwina ndaonjeza, poti pakamwa panga padandipalitsapo milandu yambiri. Koma kutacha, ndikusesa pabwalo, ndidamva kugogoda kwachilendo pasimenti ya khonde. Adali ataima, ndodo ya mbawa ili m'manja, malaya atamanga mabatani mophonya.

"Mwaimiranji?" adatero. "Tiyeni, mavu asanafundidwe."

Tidatsata kanjira kopita kumjigo. Popita ndi kotsetsereka, ndipo ndinkayenda kumbali yofooka ija, osawagwira, koma dzanja langa lili tcheru. Mwendo unkalemba mzere m'fumbi. Pamjigo tidapeza amayi akutunga madzi, chimene abambo ankachiopa chija. Onse adasiya kupopa. Mmodzi, mnansi wathu wa kumtunda, adawomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, abambo? Tinakusowani. M'chimbudzi mwathu mwalowa mavu, ana akupita kutchire."

"Musawapute," adayankha abambo, akupuma mwawefuwefu. "Tiyambe tathana ndi akwathu."

Pobwerera ndi chitunda, ndipo chitunda cha kuno sichiona nkhope. Adaima kangapo konse, kutsamira ndodo, kundikalipira kuti ndikufulumira, kenaka kundikalipira kuti ndikuchedwa dala. Pofika pakhonde malaya adali atamatirira kumsana. Adadzigwetsa pabenchi, patali pang'ono ndi chisa, n'kukweza dzanja lamanzere.

"Tengani msanga lisanaume."

Ndidapisa dzanja langa m'khwapa mwawo. Miyezi yonseyo ndinkawagwira tsiku ndi tsiku, kuwasambitsa ndi kuwaveka, koma kumeneko kudali kugwira wodwala. Ndidali nditaiwala kuti munthuyu sapirira kugirigishidwa. Adadzipinda n'kuphulika kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene ndidali ndisanakumve chigwereni pankhokwe paja. Inenso ndidaseka mpaka misozi, ndipo ina mwa misoziyo siidali ya kuseka.

"Mayi, pabwalo pano," adatero akupukuta m'maso. "Anthu aziti chiyani, nkhalamba ziwiri?"

Ndidakwera pampando wawo womwewo. Ndili pamwambapo ndidaona kuti mavu ankhomola ndi aakulu kuposa mmene amaonekera uli pansi. Mlomo wanga udakumbukira za m'nkhokwe.

"Pang'onopang'ono," adatero abambo chapansipansi. "Musawayang'anitsitse, muwapatse ulemu ngati apongozi. Dzanja lipite lokha. Imani kaye pamenepo, alimve. Eya. Mwaona akusendera? Tsopano kakhosiko, ndi chikhadabo."

Kakhosiko kadali kolimba kuposa mmene ndinkaganizira, koma kadaduka. Ndidatsika nacho chisacho chili pakati pa zala ziwiri, chopepuka ngati khoko la mtedza, mavu angapo akadali pomwepo. Ndidadutsa pabwalo ndikuyenda ngati mkwatibwi. Nditafika pachulu ndidalephera kudziletsa: m'malo mochiika pansi mofatsa, ndidachiponya mwamphamvu n'kutembenuka kuti ndithawe. Awiri adandipeza pamkono.

Ululu wake sufotokozeka, amaudziwa ndi amene adalumidwapo. Ndidafika pakhonde nditagwira mkono, utayamba kale kutupa. Ndidayesa kuubisa m'chitenje, chifukwa ndinkaopa kuti akauona anena kuti zonsezi n'zopanda pake, n'kubwerera pampando wawo osadzadzukanso. Koma adauona. Adandituma phulusa ndi madzi pang'ono, n'kundipaka okha ndi dzanja lamanzere, mosakhoza bwino, phulusa likugwera pabuluku. Adachiyang'anitsitsa chotupacho.

"Si inu mwalakwitsa," adatero potsiriza. "Thukuta linachepa. Kumjigo n'pafupi. Mawa tikafike kutchalitchi n'kubwerako."

Ndidavomera kuti linachepadi. Za kuponya kuja sindidazitchule, ndipo iwonso, amene adaona zonse ali pabenchi, sadazitchule.

Mwana wathu uja atamva nkhaniyi pafoni adaseka, nati ife awiri tili ngati mavu omwewo, amene adachita kupangana kuti onse aning'e pamimba. Chitini chake chikadali pamwamba pa kabati, chidachita dzimbiri osapoperapo.

Dzanja lamanja silidabwerere mpaka lero, ndipo tidaleka kuliyembekezera. Koma mwendo udalimba. Kutchalitchi amapita okha ndi ndodo yawo, ndipo nyimbo adayambiranso kuyambitsa, mokweza kwambiri monga kale, moti ife a mawu aang'ono timavutika kufikako. Anansi akatiitana timapita awiri. Abambo amayamba azungulira kaye munda wonse, kenaka amaima kuseri kwa nyumba ya eni ake kuti ndipise dzanja anthu asakuona. Mbatata zimene anansiwo amatipatsa abambo amati ndi zawo, poti ine ndimangobwereka. Ndalumidwapo kangapo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo nthawi iliyonse mlandu umagwera thukuta, ulendo wa m'mawa n'kutalikirako.

Masiku ena, makamaka kukazizira, ulesi umawagwira. Bulangete limabwerera m'miyendo, ndipo ndodo imakhalitsa kukhoma. Sabata yatha zidali choncho. Ndikusesa kukhitchini ndidaona mavu awiri atayamba kachisa pamwamba pa chitseko, kakang'ono ngati nsonga ya chala, koti tsache lomwe lidali m'manja mwanga likadangokagwetsa. Ndidaliika tsachelo pakona, n'kupita pakhonde kukawauza kuti alendo awo afika.

Adausa moyo, nachotsa bulangete, n'kufunsa kumene ndidaika nsapato zawo.