Maso a Atsibweni Atatsekeka

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anali ndi matenda ochititsa manyazi kuposa kupweteka. Zikope zawo zinkagwa zokha. M'mawa ankadzuka bwinobwino, koma dzuwa likapendeka maso ankatsinzina, chibwano n'kulendewera, mawu n'kumatulukira m'mphuno. Adokotala a ku Blantyre anatifotokozera kuti mtsempha ukafuna kulamula mnofu umalavula timadzi totchedwa asetilikolini, tonyamula uthengawo. Kwa atsibweni uthenga unkatumizidwa ndithu, koma wofika unali wochepa. Anawapatsa mapiritsi othandiza timadzito kukhalitsa, n'kuwachenjeza kuti mankhwala ena, monga kwinini, amatsekereza njirayo.

Akazi awo chenjezolo linangowadutsa, chifukwa kwa iwo matenda onse a padziko ndi malungo.

Tsiku limene akuchimuna anabwera kwathu ku Milepa kudzafunsira mbeta, mbetayo ndinali ine. Mnyamatayo ankagulitsa kaunjika ku Limbe ndipo ndinkamukonda mopusa. Wovomera kapena kukana, mwa mwambo, anali atsibweni. M'mawa umenewo anadandaula kuphwanya m'thupi, akazi awo n'kufukula kwinini wakalekale pansi pa sutikesi, kuwamwetsa. Mapiritsi enieni aja palibe anawakumbuka.

Alendo anakhala pakhonde, ine ndili m'nyumba, khutu pawindo. Amalume ake a mnyamata anayamba mwaulemu: "Tambala wathu waona msoti pakhomo pano."

Atsibweni anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Diso lakumanzere linagwa. Lakumanja linatsatira. Chibwano chitayamba kutsika, anachichirikiza ndi dzanja. Amayi, ataona zimenezo, anathamangira kunyumba kwa atsibweni kutsidya kwa dambo kukasaka mapiritsi, moti pakhondepo sipanatsale wodziwa matendawo.

Tsono kwathu munthu wamkulu akagwira tsaya, maso ali chitsinzinire, osakuyankha, ndiye kuti wamva zoipa ndipo akudikira uzinene wekha.

Amalume aja anakhosomola. "Bambo, ngati ndi za mowa, mwanayu anasiya. Amangolawa pa Khirisimasi."

Zii.

"Chabwino, ndi Loweruka lomwe."

Atsibweni anayesetsa kulankhula, koma m'mphuno munangotuluka kuti, "Mmmh."

"Eee, ndiye mwamva zonse," anatero mlendo wina wa jekete lalikulu, amene chifikire anali asanalankhule. "Mbuzi ija sanabe. Inachita kumutsatira yokha mpaka kumsika."

Ndinadziluma dzanja kuti ndisaseke. Za mowa ndinkazidziwa, ndipo za mbuzi ndikanakhululuka. Ndinkafuna kutuluka kuti ndikawafotokozere, koma mbeta situlukira pagulu isanaitanidwe, komanso kunena zoona nkhaniyo inali itayamba kukoma.

Khosi la atsibweni nalo linatopa, mutu n'kuweramira pachifuwa. Alendo anayang'anana. Amalume aja anavula chipewa, n'kutsika pampando kukhala pansi.

"Bambo, tisakuvutitseni. Mkazi wa ku Limbeyo ndi woona. Koma sanadalitse kutchalitchi, anangolowana. Ndipo mimba imene ali nayo mkaziyo ndi yachiwiri chabe."

Kuseka kunandithera pomwepo. Ndinakhala pathumba la nandolo, ndipo ndinalira mosatulutsa mawu kuopa kuchititsa manyazi pakhomo. Zinandipweteka kwambiri.

Amayi anafika ali wefuwefu, mapiritsi m'manja. Atawaphwanyira m'madzi n'kuwamwetsa pang'onopang'ono, anauza alendo za matendawo. Sindinaonepo anthu akuvala nsapato mofulumira chotero. Anatsanzika ali kale pamsewu.

Patapita kanthawi diso limodzi la atsibweni linatseguka, kenako linzake. Anandiitana. Ndinagwada pafupi, maso ali otupa.

"Mwanawe, ine ndimangofuna kunena kuti takulandirani," anatero, mawu akadali a m'mphuno. "Pakamwa pamakana. Koma makutuwa sadwala ayi."

Anandigwira dzanja mofooka. "Akabweranso ndiwayankhe chiyani? Ulendo uno ndidzayankha zimene unene iwe."

"Mudzangotsinzinanso, atsibweni," ndinatero. "Mwina alipo mwana wachitatu."